Khobidi, njanji ndi wayilesi: moyo wa ku Golomoti m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950

Akuluakulu athu akakhala pamthunzi kudikira kuti Misa iyambe, kapena msonkhano wa mphakati ukatha, nkhani sichedwa kukhotera ku mitengo ya zinthu. Amati kale munthu akapita kusitolo ndi tiki ankabwerako ndi kanthu m'manja, pamene lero thumba limadzaza ndi ndalama zamapepala koma dengu n'kubwera lopanda kanthu. Achinyamata amamvetsera ngati akumva nthano. Zimene akuluakuluwa amanena n'zoona, koma sanena zonse. Mtengo wa chinthu sudziwika poyang'ana nambala yokha ayi. Umadziwika pofunsa kuti munthu ankakhetsa thukuta masiku angati, ndipo ankalikhetsera kuti, kuti apeze ndalama imeneyo. Tikafunsa funso limeneli za dera la Golomoti, Mua ndi Mtakataka m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, tipeza kuti mchere, nsalu, njinga, nyimbo ndi nkhani zomwe zinkafika m'midzi yathu zidali ndi mtengo wina umene sunkalembedwa pa katundu.

Ndalama zake

Dziko lathu, lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, lidalibe ndalama yakeyake. M'zaka za m'ma 1940 anthu ankagwiritsa ntchito ndalama za ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, pamodzi ndi za ku Britain. Kuyambira m'chaka cha 1955 kudabwera ndalama zachitsulo za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kawerengedwe kake kadali kovutirapo kuposa ka masiku ano: makobidi 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi imodzi, kutanthauza kuti m'paundi mudali makobidi 240. Pakati pa khobidi ndi sheleni padali tiki, yomwe idali makobidi atatu, ndi sikisi, yomwe idali makobidi asanu ndi limodzi. Ana a sukulu za mishoni ankavutika nawo masamu amenewa, koma mayi wosadziwa kulemba dzina lake ankawerengera chenje pamsika osaphonya.

Khobidi lidali ndi chiboo pakati, choncho ena ankawatunga pa chingwe kuti asatayike; amayi ambiri ankangomanga ndalama pa mfundo ya nsalu. Pa ndalama za chitaganya padali zithunzi za nyama zomwe tikuzidziwa: njovu pa khobidi, mphalapala pa sheleni, ndi nkhwazi itagwira nsomba pa ndalama ya masheleni awiri. Mpaka lero munthu akati "ndilibe makobidi" amatanthauza ndalama zilizonse, ngakhale kuti khobidi lenilenilo lidasiya kuyenda zaka zoposa makumi asanu zapitazo.

Chofunika kukumbukira n'chakuti ndalama zimenezi sizinkayenda tsiku ndi tsiku m'mudzi. Zinthu zambiri anthu ankasinthana. Usipa ndi utaka wouma wochokera kunyanja unkakwera phiri pamutu kupita kumtunda kwa Dedza ndi Bembeke, ndipo kuchokera kumeneko kunkatsika chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere. Wofuna anthu omuthandiza kulima ankafulula mowa kapena thobwa. Ngakhale mtulo wa kutchalitchi sunkaperekedwa ndi ndalama nthawi zonse. Dengu la chimanga kapena nkhuku zinkalandiridwa. Banja linkatha mwezi wathunthu osagwira sheleni, koma osagona ndi njala.

Chimene sichinkalola kusinthana ndi nkhuku chidali msonkho wa boma. M'zaka za m'ma 1930 msonkho udali masheleni 6 pa chaka. Udakwera pang'onopang'ono nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mwamuna aliyense wamkulu ankafunika kupereka masheleni 30. Wolephera kuonetsa chiphaso cha msonkho ankagwidwa ndi amesenjala. Pa nthawi yomweyo munthu wolima pa esiteti ankalandira pafupifupi sheleni imodzi pa tsiku, ena osafika n'komwe pamenepo. Apa ndiye pali gwero la nkhani yonse: boma linkafuna ndalama, ndipo m'mudzi mudalibe pozipeza pokwanira.

Njira zopezera sheleni

Kuno kuchigwa njira yoyamba idali thonje. Dothi ndi kutentha kwa m'mbali mwa nyanja zimayanjana nalo, ndipo boma linkalimbikitsa kwambiri ulimi wake. Koma mlimi sankakambirana mtengo ndi wogula. Thonje linkagulidwa pa misika yoikidwa ndi boma, pa masiku oikika, pa mtengo wolengezedwa kale. Kalaliki ankaliyesa pa sikelo n'kugamula ngati lili loyera bwino kapena lothimbirira, ndipo mawu ake ndiwo ankatha nkhani. Mu 1951 boma lidakhazikitsa bungwe logula thonje lotchedwa Cotton Marketing Board. Mu 1956 bungweli lidaphatikizidwa ndi mabungwe ogula fodya ndi mbewu zina, mu 1962 lidatenga dzina loti Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 lidasanduka ADMARC. Mabungwe amenewa ankagula motsika n'kukagulitsa kunja mokwera, ponena kuti phindulo likusungidwa kuti lidzathandize alimi pa zaka zovuta. Alimi eni ake sankaliona kawirikawiri phindu limeneli. Ndipo si mwangozi kuti okhometsa msonkho ankakonda kufika m'nyengo ya misika, ndalama zisanazizire m'manja.

Amayi ankapeza makobidi awo pofulula mowa, poumba miphika ndi pogulitsa nsomba kapena zitumbuwa pa siteshoni sitima ikaima. Zimenezi zinkakwanira mchere ndi sopo. Sizinkakwanira bulangete, njinga kapena malata.

Wofuna zinthu zikuluzikulu ankayenera kuchoka. Ena ankalembetsa ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku Johannesburg, komwe makolo athu ankangoti ku Joni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 bungweli linkawanyamula pa ndege mpaka ku Francistown, kenaka pa sitima. Ena ankapita ndi Mthandizi kukalima m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ena ankakwera magalimoto a ulere, ndipo ambiri ankangoyenda okha wapansi kulowera ku Salisbury, komwe ankati ku Halale. Olembetsa ku Wenela ankasungiridwa gawo la malipiro awo kuti adzalandire atabwerera kwawo, ndipo ndalama imeneyi ndiyo inkagula zinthu zomwe m'mudzi ankazitcha zachilendo.

Pano tiyenera kuima pang'ono, chifukwa nkhaniyi idakhudza Mpingo mwachindunji. Si onse ankabwerera. Amene adakhalitsa osatumiza kalata kapena ndalama ankatchedwa machona. M'midzi ya chikamwini mkazi ankatsala pakati pa abale ake, zomwe zinkamuteteza pang'ono, komabe munda, ana ndi denga lodontha zonse zinkamuyang'ana iye. Kwa mkazi wokwatiwa pa ukwati wa mu Mpingo vuto lidali lalikulu koposa: mwamuna sakudziwika ngati ali moyo, abale akumukakamiza kuti akwatiwenso, ndipo akatero aleka kulandira masakramenti. Akatekisti a nthawi imeneyo ankathera masiku ambiri pa milandu yotere, kulemba makalata ofunsa za anthu osowa ndi kuperekeza amayi kwa abambo mfumu. Tikamasirira njinga ndi galamafoni zomwe zidafika m'mudzi, tiziwerengera pamodzi ndi zaka zimene amayi amenewa adakhala akudikira.

Njanji

Golomoti adadziwika chifukwa cha njanji. Mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre, yodzera ku Balaka, idafika ku Chipoka ndi ku Salima, ndipo m'chaka chomwecho mlatho waukulu wa pa Zambezi udatsegulidwa, kotero kuti katundu ankatha kuchoka pa doko la Beira mpaka kufika m'chigwa chathu pa sitima. Dera lomwe kale linkafikiridwa ndi amtengatenga osenza katundu pamutu lidayamba kumva kulira kwa sitima ya malasha. Mabelo a thonje ankatuluka, ndipo mchere, palafini, nsalu, makasu, makalata ndi nyuzipepala zinkalowa. Amuna opita kuntchito ankakwerera pomwepo, ndipo pomwepo ndi pomwe ankatsikira ndi masutukesi awo.

Masitolo ambiri a m'malo a malonda ang'onoang'ono adali a amwenye, pamene makampani akuluakulu monga Mandala ndi Kandodo adali ndi nthambi m'maboma ndi m'malo ena odziwika. Pa khonde la sitolo pankakhala telala ndi makina ake a Singer. Munthu ankagula nsalu m'kati n'kuisoketsa panja tsiku lomwelo. Zogulidwa kawirikawiri zidali zochepa: mchere, machesi, sopo wa mtanda wodulidwa ndi mpeni, palafini wa m'kabotolo, singano, ulusi ndi nsalu ya biriwita. Shuga ndi tiyi zidali za alendo, za odwala ndi za pa Khirisimasi. Masitolo a amwenye adakhala m'midzi mpaka m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Dr Banda lidalamula kuti eni ake asamukire m'mizinda.

Njanji yomweyi idalumikiza dera lathu ndi sitima za panyanja kudzera pa doko la Chipoka. Mu Julaye 1946 sitima yatsopano yotchedwa Vipya idamira kumpoto kwa nyanja chifukwa cha mphepo ya mwera, ndipo anthu 145 adafa. Nkhani imeneyi idagwedeza midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Yolowa m'malo mwake, Ilala, idapangidwa ku Scotland, idabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira mpaka ku Chipoka, idalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo idayamba kuyenda mu 1951.

Pa zinthu zonse zatsopano, chimene chidasintha kwambiri moyo wa tsiku ndi tsiku ndi njinga. Mayina a Raleigh, Humber ndi Hercules ankatchulidwa ndi ulemu. Njinga inkanyamula nsomba kukwera nazo kumtunda zisanaonongeke, inkanyamula wodwala kupita naye ku Mua, ndipo inkalola katekisti mmodzi kuyendera midzi ingapo pa sabata. Boma nalo silidaiphonye: njinga inkadulidwa laisensi yake. Pambuyo pake tingatchule nyali ya galasi, yomwe idaposa koloboyi, simbi ya makala, tochi, ndi chigayo, chomwe chidayamba kufala m'zaka za m'ma 1950 ngakhale amayi ambiri ankachikayikira ponena kuti ufa wa mumtondo ndiwo umakoma.

Ku Mua chinthu chatsopano chomwe chidaposa zonsezi sichinkagulidwa m'sitolo. Mishoni ya Mua, yomwe ansembe a White Fathers adaitsegula mu 1902, idayamba kusamala odwala khate mu 1927. Kwa zaka zambiri mankhwala odalirika adali mafuta a mtengo wa chaulmoogra, obayidwa ndi jakisoni wopweteka ndiponso osachiza kwenikweni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi m'zaka za m'ma 1950 m'zipatala za khate za mu Africa mudalowa mapiritsi a dapsone, otsika mtengo ndiponso othadi kuletsa matendawa. Kwa nthawi yoyamba munthu wogonekedwa chifukwa cha khate adatha kuyembekezera kuti tsiku lina adzabwerera kumudzi.

Chaka chimene ndalama idalephera

Amene amati kale zinthu zidali zotsika mtengo amakhala chete akafika pa chaka cha 1949. Mvula ya dzinja la 1948 mpaka 1949 idadula msanga, mbewu zidauma, ndipo pofika kumapeto kwa 1949 ndi kumayambiriro kwa 1950 njala idafika poipa, makamaka m'chigawo cha kummwera. Chilala sichidali chokha cholakwa. Zaka zingapo m'mbuyomo boma lidakhazikitsa bungwe loyang'anira malonda a chimanga, la Maize Control Board, lomwe linkagula motsika ndi kuletsa anthu kugulitsana chimanga momasuka, kotero kuti alimi ambiri adaleka kulima choposa chakudya chawo. Chilala chitafika, nkhokwe za dziko zidapezeka zopanda kanthu, ndipo boma lidachita kuitanitsa chimanga kuchokera kunja.

Boma lidawerengera anthu pafupifupi 200 kuti ndiwo adafa, koma akatswiri a mbiri amakhulupirira kuti chiwerengero chenicheni chidali chokulirapo. Mmodzi mwa iwo, Megan Vaughan, yemwe adafufuza za njalayi m'boma la Blantyre, adaonetsa kuti ovutika koposa adali okalamba, ana ndi amayi osiyidwa ndi amuna awo, pakuti chakudya cha boma chinkafika msanga kwa anthu apantchito ndi olipira msonkho. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja, nsomba, mpunga wa m'madambo ndi chinangwa zidali pothawira pomwe madera ena adalibe. M'chaka chimenecho anthu adaona kuti sheleni ili m'manja sithandiza ngati pamsika palibe wogulitsa.

Zosangalatsa

Chisangalalo chachikulu cha m'mudzi sichinkafuna ndalama. Achewa adali ndi gule wamkulu, chimtali ndi chisamba. Angoni a kwa Kachindamoto adali ndi ngoma yawo. Ndipo anyamata ankavina mganda, gule wotengera perete wa asilikali, atavala zoyera ndi kuimba malipenga a zikho. Pa mwezi wowala ana ankasewera pabwalo mpaka usiku, agogo akuwayalira nthano ndi zilapi. Sitingabise kuti pakati pa mishoni ya Mua ndi eni dambwe padali mkangano waukulu, makamaka m'zaka za m'ma 1920, pa nkhani ya sukulu ndi chinamwali, ndipo m'zaka za m'ma 1950 mkhristu wopezeka ku gule ankayembekezera chilango cha Mpingo. Ku Mua komweko n'komwe Bambo Claude Boucher adadzayambitsa malo a za chikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo lero zigoba za gule wamkulu zikusungidwa m'nyumba ya Chamare, pafupi ndi tchalitchi. Akatekisti a 1950 akadauzidwa zimenezi sakadakhulupirira.

Obwera kuchokera ku Joni ndi ku Halale adabweretsa galamafoni. Idali bokosi lopukusa ndi dzanja, losafuna magetsi kapena batire, loimba mbale zakuda zosachedwa kusweka, ndipo singano yake inkafunika kusinthidwa pafupipafupi. Mwini galamafoni ankaitanidwa ku maukwati ndi kumalo a mowa, ndipo ena ankalipiritsa khobidi kuti nyimbo ibwerezedwe. Mbale zambiri zinkachokera ku makampani a ku Johannesburg monga Gallo. Kudzera m'mbalezi, ndiponso kudzera mwa asilikali a King's African Rifles obwerera kuchokera ku East Africa ndi ku Burma nkhondo itatha mu 1945, gitala ndi banjo zidalowa m'midzi. Anyamata osatha kugula ankadzipangira banjo ya chitini ndi chikopa cha mbuzi. Oimba monga a Paseli Brothers adatchuka, ndipo nyimbo yawo yokamba za Napolo, madzi osefukira omwe adaononga ku Zomba mu Disembala 1946, idasonyeza kuti nyimbo nayo inkagwira ntchito ya nyuzipepala. M'zaka za 1950 ndi 1958 katswiri wa nyimbo Hugh Tracey adayendera dziko lino ndi makina ojambulira mawu, ndipo chifukwa cha iye tikutha kumva lero mawu a oimba a m'midzi a nthawi imeneyo.

Kanema ankabwera mwa apo ndi apo pa galimoto ya boma yokhala ndi injini yakeyake ya magetsi. Ankapachika chinsalu choyera pabwalo la sukulu kapena la mfumu, ndipo munthu mmodzi ankamasulira m'Chinyanja zimene zikuchitika. Zithunzi zambiri zinkapangidwa ndi bungwe la Central African Film Unit, lomwe lidayamba mu 1948, ndipo zinkaphunzitsa kalimidwe, ukhondo ndi kusunga ndalama ku positi ofesi. Anthu ankapirira maphunzirowo podikira kanema woseketsa wa kumapeto.

Wayilesi ya sefuliya

Wayilesi zoyamba zidali za azungu ndi anthu olemera, chifukwa zinkafuna magetsi kapena mabatire a galimoto. Zinthu zidasintha mu 1949. Mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, lomwe lero ndi Zambia, Harry Franklin, adapempha kampani ya mabatire ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wayilesi yotsika mtengo yoyenera kumudzi. Chimene chidatuluka chidali chitini chozungulira cha buluu, chooneka ngati sefuliya yopanda chogwirira, n'chifukwa chake idatchedwa Saucepan Special. Mabowo ake adatsekedwa ndi kansalu ka waya kuti tizilombo tisalowe. Inkalumikizidwa ku batire lalikulu lomwe linkatha maola pafupifupi 300, ndipo mwini wake ankakoka waya kuchokera pa denga kukamanga pa mtengo kuti mawu amveke bwino.

Mtengo wake udali mapaundi 5, ndipo batire lidali masheleni 25. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mapaundi 5 ndi masheleni 100. Kuphatikiza batire, masheleni 125. Kwa munthu wolandira sheleni imodzi pa tsiku, amenewa ndi malipiro a miyezi yoposa inayi, osadya, osavala, osakhoma msonkho. Batire likatha, pankafunikanso malipiro a pafupifupi mwezi wathunthu. Imeneyi ndiyo inkatchedwa wayilesi ya anthu osauka. N'zosadabwitsa kuti kumudzi inkapezeka kwa aphunzitsi, mafumu, akalaliki, eni masitolo ndi obwera kumene kuchokera ku migodi, ndiponso kuti mwini wake ankaitsegula pa nthawi yoikika yokha, anthu atadzaza pakhonde. Ana a lero, amene akukulira pafupi ndi malo opangira magetsi a dzuwa omwe adatsegulidwa ku Golomoti mu 2022, angavutike kumvetsa kuti munthu ankawerenga maola a batire monga mayi awerengera ufa m'mwezi wa Febuluwale.

Mawu ankachokera ku Lusaka, ku nyumba ya mphepo ya Central African Broadcasting Station, yomwe inkaulutsira anthu akuda a m'maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'zilankhulo zingapo kuphatikizapo Chinyanja. Padali nkhani, maphunziro a zaulimi ndi zaumoyo, masewero ndi nyimbo. Alick Nkhata, woimba ndiponso muulutsi, adadziwika m'maiko onse atatu. Koma pologalamu yomwe anthu ankaikonda koposa idali ya Zimene Mwatifunsa, momwe omvera ankalemba makalata opempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale awo. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. M'dziko limene amuna ochuluka adali kutali, kumva dzina la mwana wako likutchulidwa kuchokera ku Kitwe kapena ku Bulawayo kudali umboni woti ali moyo. Bokosi logulidwa ndi ndalama za kumigodi linkabweretsa mawu a anthu amene migodi yomweyo idawatenga.

Chikhulupiriro cha anthu pa wayilesi chidagwedezeka pamene nkhani ya chitaganya idafika. Popeza nyumba ya mphepoyo idali ya boma, ambiri adayamba kuiona ngati pakamwa pa azungu. Peter Fraenkel, yemwe ankagwira ntchito kumeneko ndipo adalemba buku lotchedwa Wayaleshi mu 1959, adafotokoza za mphekesera zomwe zidafala ku Northern Rhodesia, zoti shuga wathiridwa mankhwala oletsa kubereka ndi zoti aulutsi ena akugwirizana ndi anthu opopa magazi. Kuno kwathu mantha ofanana nawo ankatchedwa chifwamba. Mphekesera zotere sizidayambe ndi mafoni a m'manja.

Nkhani ndi ozifalitsa

Nyuzipepala zidalipo, koma owerenga adali ochepa. Nyasaland Times idali ya Chingerezi ndipo inkalembera azungu. Boma lidayambitsa Msimbi mu 1949, ndipo mu 1953 kudabwera Bwalo la Nyasaland, yomwe anthu ambiri ankaikayikira kuti ikukometsa chitaganya. Akatolika adali ndi The African, yosindikizidwa ku Likuni kuyambira mu 1950, yomwe pambuyo pake idatchedwa Odini. Pepala limodzi linkayenda m'manja ambiri mpaka kung'ambika, ndipo mapeto ake lidali lokulungira fodya. M'midzi yambiri wowerengera anthu mokweza adali mphunzitsi kapena katekisti, yemwenso ankawerenga ndi kuyankha makalata a machona. Udindo umenewu udali wolemera, pakuti chimene iye wasankha kuwerenga, ndi mmene wachimasulira, ndicho chinkakhala nkhani ya mudzi wonse.

Ndipo nkhani zidalipo zambiri. Mu 1944 kudabadwa chipani cha Nyasaland African Congress. Mu 1953 boma la Britain lidakhazikitsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ngakhale mafumu ndi anthu ambiri adachikana. M'chaka chomwecho Inkosi Gomani II, Philip Gomani wa ku Ntcheu, adachotsedwa pa ufumu chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe posonyeza kukana chitaganyacho. Adamwalira mu 1954. Kwa Angoni a ku Mtakataka ndi Golomoti, omwe ndi a mtundu umodzi wa Maseko ndi a kwa Gomani, imeneyi sidali nkhani yakutali. Malamulo a malimidwe nawonso ankawadziwa bwino: alangizi ankakakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi migula, ndi kuzula mapesi a thonje pa tsiku loikika, ndipo wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Ena mwa malangizowo adali abwino pa nthaka, koma chifukwa adabwera ndi chindapusa anthu adadana nawo, ndipo a Congress adapeza otsatira ambiri pa chifukwa chimenechi.

M'kati mwa zaka zovutazi dera lathu lidalandira nkhani yomwe idakondweretsa ngakhale anthu osapemphera nafe. Mu 1956 Papa Pius XII adakhazikitsa chigawo cha Mpingo cha Dedza, ndipo mu 1957 Bambo Cornelius Chitsulo, mwana wa dera la Mua yemwenso adali wansembe wachikatolika woyamba wa dziko lino, adadzozedwa kukhala episkopi. Pa nthawi imene bwanamkubwa, ma DC ndi akuluakulu onse a boma adali azungu, munthu wakuda adakhala mtsogoleri wa ansembe achizungu. Dedza idakwezedwa kukhala dayosizi mu Epulo 1959.

Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, pa 3 Malichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza lamulo la chipwirikiti. Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe adabwerera kumudzi pa 6 Julaye 1958, adamangidwa ndi kutumizidwa ku ndende ya ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru. Anthu mazanamazana adatsekeredwa, ndipo oposa 50 adaphedwa, ambiri mwa iwo ku Nkhata Bay. M'masiku amenewo wayilesi inkanena zimene boma lavomereza, ndipo zotsalazo anthu ankazimva kwa ogwira ntchito pa njanji, kwa madalaivala ndi kwa ogulitsa nsomba. Dr Banda adatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, chisankho chidachitika mu Ogasiti 1961, chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo dziko lidalandira ufulu pa 6 Julaye 1964. M'chaka chomwecho wayilesi ya MBC idayamba kuulutsa mawu kuchokera ku Blantyre, ndipo anthu sadafunikenso kusaka Lusaka kuti amve chilankhulo chawo.

Ndalama ndiyo idachedwa kusintha. Boma latsopano lidatulutsa paundi ya Malawi mu 1964, ya mtengo wofanana ndi yakale ndiponso yowerengedwa chimodzimodzi. Kwacha ndi tambala zidafika mu 1971: paundi imodzi idasinthidwa ndi K2, sheleni idasanduka 10 tambala, ndipo sikisi idasanduka 5 tambala. Tiki idasowa poigwetsera bwino m'kawerengedwe katsopanoka ndipo idazimirira. Kwa zaka zambiri pambuyo pake amayi a pa msika wa Golomoti adapitiriza kutchula mitengo ya nsomba ndi tomato m'masheleni, n'kumasiyira ana a sukulu ntchito yotembenuzira m'matambala.